Chisipanishi cha m'nyumba ya Doña Pilar

Chaka chimene chimanga chinapsa na dzuwa ku Kasisi, ninachotsa Chisomo pabere n'kumusiya m'manja mwa akulu anga, ba Esnati. Mzimayi wina wa ku tchalitchi anali atanipezera nchito ku Spain, yosamalira nkhalamba.

Nkhalambayo inali Doña Pilar, mphunzitsi wopuma nchito. Miyendo inali itafa, koma pakamwa ayi. Akakuwa kuti “agua”, kufuna madzi, ine ninali kuthamangira mankhwala. Ninali kulirira m'bafa kuti asanimve.

Pang'onopang'ono ananiphunzitsa: “buenos días” pouka m'mawa, “gracias” poyamika, “lo siento” popepesa. Tsiku lina ananimva niyimba nyimbo ya Chilatini imene atate anali kuyimba pa Misa. Anagwira dzanja langa, nati Chisipanishi ni Chilatini chomwecho, anabwera nacho asilikali a ku Roma, chinangopindika m'kamwa mwa alimi. Pambuyo pake Aluya analamulira dzikolo zaka zambirimbiri, n'kusiyamo mawu awo, monga “azúcar”, shuga, na “ojalá”, Mulungu akalola.

Doña Pilar atamwalira, mwana wawo ananiikira chikwama panja. Mapepala anga okhalira m'dzikolo anali atatha. Ninagona pa siteshoni ya mabasi, masana nigogoda m'makomo kufunsa kuti “¿hay trabajo?”, kuli nchito? Yankho linali “mañana”, mawa. Kunyumba ninali kutuma zithunzi zakale, nikumwetulira. Ndalama zitaleka kufika, ba Esnati sanafunse. Uthenga wawo womaliza unali waufupi: “Bwera chabe, mwana adwala.”

Masisitere ena ananigulira tikiti. Ninapeza Chisomo m'chipatala pa boma ku Chongwe, wamkulu kale, thupi likuotcha. Nitamugwira pamphumi anatembenukira kukhoma, n'kuitana ba Esnati.

“Amayi, auzeni anti awa anileke.”

Ninadikira kuti ba Esnati amuuze zoona. Iwo anangopitiriza kumupukuta thukuta. Titatuluka panja anagwada pamchenga, iwo akulu anga, anthu akuona.

“Grace, napapata, usanilande. Ukwati unatha chifukwa sininabale. Nilibe wina.”

Chisomo anachira. Ine nichapa zovala m'manyumba atsopano a ku Silverest, ndipo Lamlungu nipita ku Kasisi na buledi. Chisomo amanilandira bwino, amagwada ponipatsa madzi. Mpaka lero palibe wa ife awiri, ine na ba Esnati, amene wamuuza zoona.