Ndinkamangirira mwana wanga kumwendo wa bedi

Inu owerenga, ine ndine mayi amene ndinkamangirira mwana wanga ndi chitenje kumwendo wa bedi. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa manyazi anga anatsala pang'ono kundiphera mwana.

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinakwatiwa ku Hewe kuno ku Rumphi. Amuna anga ndi aphunzitsi, ndiye ndinkayenda ndi matama a mkazi wa aphunzitsi. Mwana wathu wamkazi, Lusungu, pofika zaka zisanu anaonekeratu kuti sali ngati anzake. Sankakhazikika. Phokoso likachuluka ankakuwa, kudzigwetsa pansi ndi kuluma aliyense womugwira. Ataluma mwana wa eni mpaka magazi, ndinamva amayi kuchigayo akunong'onezana kuti tinamukhwimira kuti fodya wathu azigulidwa bwino. Kuchipatala anatiuza kuti si ufiti, ndi mmene ubongo wake umagwirira ntchito, koma zimenezo anthu a kuchigayo sanazimve.

Kuno nthawi yopalira amayi timalimirana, lero m'munda mwa uyu, mawa mwa uyo. Ine ndinatuluka m'gululo ponamizira msana. Ndinkapita kumunda ndekha nditamumanga Lusungu m'chiuno, kumusiyira phala, n'kukiya chitseko. Bambo ake ankaganiza kuti ndimapita naye. Mumtima ndinkati ndikumuteteza, pamene ndinkateteza dzina langa.

Pafupi nafe pamakhala NyaGondwe, mayi wapakamwa amene ndinkamuzemba kwambiri. Tsiku lina anabwera kudzabwereka sefa, ndipo anamva mwana akubanika m'nyumba. Atasuzumira pawindo anaona kuti Lusungu wagwa pabedi, chitenje chamukulunga m'khosi. Anathyola chitseko ndi khasu.

Atandiitanitsa ndinathamanga osaona njira. Ndinampeza atakhala pakhonde, mwana ali pamiyendo, mkono wa NyaGondweyo uli ndi mabala a mano. Ndinadikira kutukwanidwa, koma iye anangoti, "Anyina Lusungu, mwana samangidwa ngati mbuzi. Mawa tikupalira kwa NyaMhango. Mubwere naye, ndipo za msana wanuzo musandiuzenso."

M'mawa mwake ndinapita naye. Tisanagwire makasu, NyaGondwe anaika lamulo: tsiku lililonse mayi mmodzi azikhala ndi Lusungu pamthunzi, kutali ndi nyimbo zathu, ndipo mizere ya mayiyo tizimupalirira tonse. Ena atang'ung'udza, anawauza kuti amene sakufuna akapalire munda wake ndi pakamwa pakepo. Anthu anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Woyamba kukhala naye anali NyaMhango mwini munda, yemwe ndinamumva ndi makutu anga akunena za kukhwimira zija. Madzulo anandikokera pambali n'kundiuza kuti mlongo wake anali chimodzimodzi, ndipo makolo awo anamutsekera m'nyumba mpaka anamwalira. Sanauzepo munthu chikwatiwire. Tinalira tonse awiri pakati pa chimanga.

Amayi aja anamuphunzira mwana wanga kuposa mmene ndinkamudziwira ine. Ndi iwo anatulukira kuti safuna kugwidwa modzidzimutsa, ndiponso kuti ukamupatsa lichero la nyemba zosakaniza kuti asankhe, mtima wake umakhala m'malo. Amuna anga ndinawaululira zonse tsiku lomwe chitseko chinathyoledwa. Anakhala masiku awiri osandiyankhula, kenako anakonza chitseko n'kutenga tambala kukathokoza NyaGondwe.

Sindikunamizani kuti Lusungu anachira. Pano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo masiku ena amavutabe mpaka ine kutopa naye. Koma mwezi wathawu kutchalitchi, kwaya itakweza mawu, iye anayamba kukuwa. Bambo wina wachilendo kumbuyo kwathu ananena mokweza kuti ana opanda mwambo azisiyidwa kunyumba. Ndisanadzuke n'komwe, NyaGondwe anatembenuka n'kumuyang'ana m'maso.

"Adada, mwana uyu ngwithu," anatero, kutanthauza kuti ndi wathu. "Mlendo muno ndinu."

NyaMhango anatuluka ndi Lusungu mwakachetechete mpaka nyimbo itatha, n'kubwerera naye pabenchi pathu. Ine ndinakhala pomwepo khosi lili chilili. Ndimanyadira mwana wanga, ndimanyadira amayi a ku Hewe, ndipo ndikunena poyera.

Inu amene muli ndi mwana wotere, musachite zimene ndinachita ine. Pitani naye kuchipatala, koma muuzenso mnzanu mmodzi, ngakhale uyo mumamuona ngati wamiseche. Inu oyandikana nawo, mukaona mayi wasiya kubwera pagulu, musakhutire ndi zifukwa zomwe akupereka, pitani mukagogode. NyaGondwe akanachedwa pang'ono tsiku lija, bwenzi lero ndikukuuzani za maliro, dzina langa labwinolo ndili nalo.