Dominiko, Wozimitsa Moto Amene Anagwidwa Akuyatsa Tchire

Tsiku limene anthu anamukhazika pansi Dominiko pamsika wina kufupi ndi Malomo, malaya atang'ambika, mlomo ukutuluka magazi, iye analephera kudziyankhira ngakhale mawu amodzi. Munali mu Juni 1995. Anamugwira m'mawa mame asanaume, muuni wa udzu uli m'manja, akuyatsa tchire kuseri kwa nkhokwe za anthu. Wozimitsa moto kugwidwa akuyatsa moto! Kunena zoona, inunso mukanakhalapo mukanatola mwala.

Dominiko anali atagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi m'nkhalango ya paini pamwamba pa phiri. Analipo amuna khumi ndi awiri, ali ndi ovolosi, jombo, nsanja yoonera utsi ndi thirakitala yokoka thanki ya madzi. Matipate atabwera, kunafika uthenga woti ndalama zachepa. Atatu anatsala pantchito, asanu ndi anayi anauzidwa kuti akadikire kunyumba. Thirakitala inapita kutauni kokakonzedwa, ndipo mwina mpaka lero akuikonzabe.

"Ndiye kuti ndachotsedwa?" Dominiko anafunsa kapitawo wawo.

"Ayi, simunachotsedwe."

"Mawa ndibwere?"

"Ayi, musabwere."

Anatsika phiri mutu utaima. Paja iyeyu pa riferendamu anavotera nyali ya matipate ndi mtima wonse, kenako n'kuvina mumsewu. Walira mvula walira matope, koma matope awawa sanawaganizireko. Anthu akumudzi nawonso anali osokonezeka m'njira yawoyawo. Ena ankati ufulu ndiye kudula mtengo uliwonse, ena ankati ozimitsa moto anali alonda a boma lakale, apite bwino.

Tsono n'chifukwa chiyani ankayatsa tchire? Pantchito yawo, chaka chilichonse mu Juni udzu usanaumitse, ankalambula mizere iwiri ndi khasu n'kutentha udzu wapakati pake. Moto wolusa wa mu Okutobala ukafika pamenepo unkasowa chakudya, n'kufa. Koma izi zinkachitikira kutali m'phiri, anthu akumudzi sanazionepo. Chaka chimenecho palibe anatumidwa kukalambula, ndipo tsekera anatsika kuchokera m'nkhalango mpaka kukhudza nkhokwe. Dominiko akamuyang'ana tsekerayo, ankaoneratu moto wa mu Okutobala. Kulakwa kwake kunali kumodzi: sanauze munthu. Anali wosalankhulalankhula, wozolowera kuti ntchito imadzinenera yokha.

Amene anamuwomba chibakera anali Felton, mlimi wa fodya yemwe nkhokwe zake zinali kumapeto kwenikweni kwa mudzi.

"Anakuchotsani ntchito ndi ife kodi?" Felton anakuwa. "Mukufuna ana anga adye phulusa? Munthu uyu asamuke kuno!"

Anthu anavomereza. Ngakhale mkazi wake Sabina anamuyang'ana misozi ili mbwembwembwe, n'kumufunsa chapansipansi, "Bambo a Mphatso, mutu wanu uli bwino?" Funso limeneli linamupweteka kuposa chibakera chija, chifukwa nayenso yankho sankalidziwa bwino. Munthu wosalipidwa, wosatumidwa, kudzuka m'mamawa kukagwira ntchito imene eni ake anaisiya, ameneyo timamutcha chiyani?

Pamenepo panatulukira mayi Rahima, mayi wamasiye mwini chigayo cha pamsikapo, ufa uli tuu m'nsidze. Anayang'ana zinthu zimene Dominiko anagwidwa nazo.

"Wotentha nkhokwe za anzake satenga khasu ndi nthambi zaziwisi," anatero. "Ngati kulankhula kwamukanika, ationetse. Mawa akayatse kuseri kwa chigayo changa. Chikapsa, ndi changa."

Musaganize kuti mayiwa ankamvetsa zonse. Anachotsa kaye migolo ya dizilo n'kukaibisa kwa mchimwene wawo.

M'mawa mwake Dominiko analambula mizere iwiri, anayatsa pakati, n'kumatsatira motowo pang'onopang'ono, akumenya m'mbali ndi nthambi. Patatha maola awiri panatsala mpata wakuda bii wozungulira chigayo. Anthu anayang'anizana.

"Basi?" wina anafunsa. "Watentha kuti kusapse?"

Kunali kuseka kogwira nthiti. Kusamuka sanamusamutse, koma anamupatsa dzina loti Machesi, ndipo akamadutsa amayi ankatcherezera maso ku madenga awo. Kutchalitchi benchi imene iye wakhala inkakhala ndi malo ambiri.

Dominiko sanaleke. Anayamba kuchita chimene chinkamuvuta kwambiri, kugogoda pakhomo n'kupempha kuti ayatse kuseri kwawo. Ambiri ankamubweza. Mabanja anayi okha ndi aphunzitsi a mpingo ndiwo analola, mwina pomumvera chisoni Sabina. Pofika mu Julayi mpata wakuda uja unali utachoka pachigayo, kudutsa kuseri kwa tchalitchi, n'kukathera pamalire a Felton. Felton anati aliyense wobwera ndi machesi kumeneko adzabwerera pa machira.

Okutobala anafika ndi dzuwa loswa mtengo. Tsiku lina masana, moto wa osaka mbewa unathawa eni ake n'kulowa m'nkhalango. Amuna atatu otsala aja analimbana nawo ndi nthambi mpaka jombo kusungunuka, koma atatu n'chiyani pamaso pa mphepo ya mpoto? Moto unatsika phiri ukulira ngati lole yodzaza, utsi n'kuphimba dzuwa. Anthu ankathamanga uku ndi uku, wina atanyamula wailesi, wina mbuzi, wina mtondo wopanda kanthu.

Kenako anaona chinthu chimene sanachiiwale. Moto utafika pampata uja, pamene panali pataphuka timsipu tatifupi, unagwada. Unayesa uku, unayesa uko, n'kuyamba kukwawira chammbali kulowera kwa Felton, kumene kunatsala tchire.

"A Dominiko, tichite chiyani?" Tsiku limenelo dzina la Machesi palibe analikumbuka.

Munthu wosalankhula uja anakuwa mpaka mawu kusasa. Amayi anawatuma madzi, amuna anawaika pamzere ndi nthambi kuti azimenya moto wodumpha. Iye anathamangira kwa Felton kuti akayatse moto wina m'mbali mwa kanjira, ukakumane ndi mnzakewo usanafike pankhokwe. Felton anamugwira dzanja. Anayang'ana moto waukuluwo, anayang'ana muuni, osadziwa woti auope ndi uti. Pamene ankamusiya, nthawi inali itatha.

Nkhokwe ziwiri zinapsa. Nyumba inapulumuka chifukwa Dominiko anagwetsa mpanda wa udzu uli chiyakire, ndipo mkono wake wamanja unapsa mpaka m'chigongono. Chimanga cha Felton chinafuka masiku awiri, mudzi wonse ukununkhira chimanga chootcha. Palibe anaseka.

Manyazi anagwira anthu. Kodi munthu amene munamumenya mumamuthokoza bwanji? Anatuma anthu atatu kukapempha kuti ozimitsa moto abwerere pantchito, koma anakauzidwa mwaulemu kuti ndalama kulibe. Atabwerako, mayi Rahima anatulutsa malamba akutha a chigayo. Anawadula n'kuwakhomera kumitengo, ndipo zomenyera moto zinapezeka. Akhristu kumiphakati yawo ndi Asilamu kumzikiti anamvana chimodzi: khomo lililonse lizipereka lichero la chimanga pokolola, ndi tsiku limodzi la khasu, kuti ozimitsa moto asagone ndi njala. Mwa anzake asanu ndi atatu amene ankadikira nawo kunyumba, asanu ndi mmodzi anabwera kudzaima pambuyo pa Dominiko. Felton nayenso anthu anamusonkhera chimanga chofikira masika.

Dominiko sanalemere, ndisakunamizeni. Mkono uja sunawongokenso bwino. Koma m'zaka zotsatira midzi mpaka cha kwa Dzoole inkatumiza njinga kudzamutenga kuti akaphunzitse, ndipo Sabina ankayenda pamsika mutu uli m'mwamba.

Chimene Dominiko ankachikumbukira kwambiri si zimenezo ayi. Ndi m'mawa wina mu Juni wotsatira, pamene anamva "Odi" pakhomo. Anali Felton, chipewa chili m'manja, maso ali pansi.

"A Dominiko, mizere iwiri ija ndalambula kale," anatero. "Koma kuyatsa ndikuopa. Tiyeni mukandiyatsire."

Anapita. Felton anaima chotsamira nkhokwe yake yatsopano, akuonerera munthu amene anamufunira kusamuka akuyatsa udzu mapazi makumi awiri kuchokera pachakudya cha ana ake. Sanamugwire dzanja.

Inu amene mukuwerenga, mwina lero ntchito yanu yabwino anthu akuiona ngati misala, ndipo mwina nanunso mwayamba kudzikayikira. Musaponye khasu pansi. Gogodani pakhomo lina, fotokozaninso, gwiranibe. Ndipo ngati kwanuko kuli anthu othamangira kumoto pamene ena tonse tikuthawa, musadikire nkhokwe kupsa kuti muwadziwe. Agwireni mkono lero.