Rudecindo Oyarzún, Amene Anafera M'buku

Don Rudecindo Oyarzún ndinawadziwa kawiri. Koyamba ndili mtsikana, pamene ankapalasa bwato la katundu padoko la Valparaíso. Kachiwiri ndili ndi imvi kale, pamene anatulukira pabwalo pathu atanyamula kathumba, tonse tikudziwa kuti anafa kalekale.

Tinkakhala m'chinyumba chimodzi paphiri la Cordillera, banja lililonse chipinda chake, mpopi umodzi pakati pa bwalo. Khomo lawo linayang'anizana ndi lathu. Anali munthu wachibwibwi, wa manja otambalala ngati nkhafi zake zomwe, ndipo asanalankhule ankayamba wakanda m'khosi. Akazi awo, doña Eduvigis, ankachapira zovala mabanja olemera a kumunsi kwa mzinda, ndipo pakamwa pawo pankakwanira anthu awiri. Anali ndi mwana mmodzi, Zoila, amene anali akukwawa chaka cha sitalaka yaikulu ya padoko.

Tsiku limene asilikali anawombera anthu ochita sitalakawo, don Rudecindo anatuluka m'mawa osabweranso. Doña Eduvigis anazungulira kuchipatala ndi kumanda, anavundukula nkhope zambiri, koma ya amuna awo sanaipeze. Ena ankati mitembo ina inaponyedwa m'nyanja. Analira, anavala zakuda, kenako anabwerera kumpopi chifukwa zovala za eni ake sizikanadikira.

M'chipinda chakumapeto munkakhala mlendo wina woonda, don Heraclio Baeza, kalaliki amene ntchito inamuthera. Ankangokhala pakhomo pake n'kumamvetsera akazi akukangana pampopi, ife n'kumati ndi ulesi. Anasamukira ku Santiago. Patapita zaka tinamva kuti walemba buku, ndipo kuti m'bukumo muli ife.

Ine ndinafikako kusukulu, choncho anandikhazika pabwalo kuti ndiwerengere onse. Munalidi zathu: mpopi, nsikidzi, mwini nyumba wosafuna kukonza denga, ana omwalira ndi chifuwa nyengo yozizira. Anthu ankaseka, ena kukwiya. Kenako ndinafika pamutu wa sitalaka. Pamenepo Rudecindo Oyarzún, dzina lake lenileni, akukwera pamgolo pamaso pa mfuti, akulankhula kwa nthawi yaitali, n'kumaliza ndi mawu akuti, “Katundu ali ndi mwini wake, koma msana uwu ndi wanga.” Chipolopolo chikumupeza pachifuwa.

“Rudecindo?” anatero doña Eduvigis. “Mawu onsewo? Munthu amene ankalephera kupempha mchere patebulo?”

“Imfa ikayandikira lilime limamasuka, comadre,” wina anawayankha, akuwaitana monga timaitanira akazi oyandikana nawo kuno.

Doña Eduvigis anapukusa mutu, koma sanatsutsenso. Bukulo linatchuka. Bungwe la opalasa mabwato linapachika chithunzi cha don Rudecindo m'holo yawo, chojambulidwa ndi munthu amene sanawaonepo, ndipo anawapatsa ndevu zapamlomo zomwe sanakhalepo nazo. Chaka chilichonse patsiku lokumbukira ankakhazika doña Eduvigis pampando wakutsogolo. Zoila anakula akulozedwa kuti ndi mwana wa ngwazi. Anadzakhala mphunzitsi, ndipo mutu uja wa pamgolo ankauwerengera ana asukulu ataimirira.

Ndiye kunabwera chaka chimene migodi ya salitre, mchere wa m'nthaka wopangira feteleza, inatsekedwa kuchipululu chakumpoto. Zombo zinkatula padoko amuna osawerengeka, opanda ntchito, nsabwe zili mbuu. Tsiku lina masana mmodzi wa iwo anakwera masitepe athu, wokalamba, wopsa ndi dzuwa. Anaima pafupi ndi mpopi, n'kukanda m'khosi.

“Mo-mo-moni, Eduvigis.”

Doña Eduvigis anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anazula nsalu yonyowa m'beseni n'kumukwapula nayo kumaso.

“Choka pano! Iwe unafa!”

“Ndi-ndinafa liti?”

“Usandifunse ine. Kafunse buku!”

Nkhani ya don Rudecindo inali yaifupi, yopandanso ulemu. M'mawa wa tsiku lija anakangana ndi akazi awo, anatsikira kumowa, ndipo kumeneko munthu wina wolemba anthu ntchito ya kumigodi anawagulira vinyo. Pamene ankatsitsimuka anali m'chombo cholowera kumpoto. Za kuwombera anazimva patapita milungu. Kulemba sankadziwa, ndipo manyazi anawagwira. Ankangoti mawa, mawa, mpaka migodi inatha.

Anandipempha kuti ndiwawerengere bukulo. Anakhala pakhomo panga chipewa chili pamaondo. Za mpopi anaseka. Nditafika pamgolo anasiya kuphethira, ndipo chipolopolo chitalowa misozi inatsika m'masaya mwawo.

“Munthuyu anali wo-wolimba mtima,” anatero. “Koma comadre, akunena ine?”

“Dzina ndi lanu.”

“Mkazi ndi wanga?”

“Ndi wanu.”

“Nanga ine ndinali m'chombo bwanji?”



Anapita kuholo ya bungwe kuti akadzionetse. Mlembi kumeneko anali don Melitón Cárcamo, amene ankapalasa nawo bwato limodzi ali anyamata, ndipo kwa zaka zambiri ankauza anthu kuti iyeyo ndi amene ananyamula mtembo wa mnzake kumiyendo.

“Compadre, ndine,” anatero don Rudecindo, akuwaitana monga timaitanira amuna apamtima kuno.

Don Melitón anayang'ana munthu, anayang'ana chithunzi, anayang'ananso munthu. “Chibwibwi ndi chako. Makutu ndi ako. Koma ine ndinakunyamula, Rudecindo. Nsapato yako imodzi inavuka ili m'manja mwanga.”

“U-unanyamula wina.”

“Wina ndani?”

Sankanama don Melitón, ndinawaona nkhope yawo tsiku lomwelo. Koma achinyamata a m'bungwemo anati nkhalambayi yatumidwa ndi eni zombo kuti idzanyozetse akufa, ndipo anaikankhira panja.

Zoila ndiye anavuta kuposa onse. Anabwera atavala zakusukulu, anaima patali.

“Señor, sindikukudziwani. Bambo anga ndimawaphunzitsa m'kalasi. Mukufuna mawa ndikauze ana kuti chiyani? Kuti anali kumowa?”



Ndi pamene don Rudecindo anaganiza zopita ku Santiago kukaonana ndi mwini bukulo. Ndinawaperekeza pasitima yapamtunda, chifukwa mayina a misewu sakanatha kuwawerenga. Don Heraclio tinawapeza atakalamba nawonso, bulangete pamiyendo, mabuku mpaka kudenga. Anatilandira bwino, anaitanitsa tiyi ndi buledi. Nditawauza dzina la mlendo wawo, anabweza kapu pambale.

“Simunafe?”

“A-ayi, señor. Ndabwera kudzafunsa ngati munandionadi.”

Don Heraclio anati, “Ndinali padoko tsiku lija, nditabisala kuseri kwa matumba a tirigu. Munthu anakweradi pamgolo. Ndinamuona msana wokha. Anakweza dzanja, n'kugwa. Nditabwerera kuphiri ndinapeza doña Eduvigis akulira dzina lanu, ndipo m'mutu mwanga zinthu ziwirizo zinagwirana.”

“Nanga mawu aja?”

“Kunali phokoso, sindinamve kanthu. Mawu ndinaikamo ine.”

Don Rudecindo anayamba kuloza zala zawo chimodzichimodzi. “Ndiye munthu ndi wina. Mawu ndi anu. Dzi-dzina ndi langa.”

“Zikhala ngati choncho.”

“Ndiye konzani.”

“Ndikonze bwanji, don Rudecindo? Bukulo lili m'masukulu kuyambira kumpoto mpaka kumwera. Komanso anthu anafadi. Nthawi imene ndinkalemba, akuluakulu ankati padoko panafa zigawenga zochepa chabe, zopanda mayina. Ine ndinkafuna mmodzi akhale ndi dzina, ndi mkazi, ndi mwana.”

“Munamupatsa anga.”

“Ndinamupatsa anu. Ndikhululukireni.”

Sindikudziwa ngati anawakhululukira, chifukwa ankangoyang'ana tiyi wawo. Pofuna kuthetsa bata, don Heraclio anafunsa za kumpoto: kuti anthu ankagona bwanji, kuti n'zoona kuti malipiro ankabwera m'tizitsulo togulira m'sitolo ya kampani yokha. Don Rudecindo anayamba kuyankha pang'onopang'ono. Maso a don Heraclio anawala, dzanja lawo linayamba kufufuza pensulo patebulo. Don Rudecindo anaiona pensuloyo n'kudzuka.

“Ayi, señor. Basi. Mu-mungandiphenso.”

Tinakwera sitima yobwerera, tinadutsa mapiri. Kenako don Rudecindo anati, “Comadre, uja wa pamgolo, nayenso anali ndi amayi ake kwinakwake. Anamufunafuna. Mwina anawerenga bukuli, n'kumalirira ine.” Anawonjezera: “Kapena ndi ine ndinamubera iyeyo? Sindikumvetsa kuti wa-wakuba ndani.”

Doña Eduvigis sanawalole kulowa m'chipinda chawo, koma madzulo aliwonse ankatula mbale ya nyemba pansi pa masitepe, pomwe nkhalambayo inayala pogona pake. Ankatula akutukwana. Don Rudecindo anapeza madengu awiri n'kuyamba kugulitsa nsomba m'timisewu ta m'phiri, ndipo pofuna mtendere anayamba kugwiritsa ntchito dzina lawo lachiwiri, Segundo. Obwera kumene pabwalo pathu ankangowadziwa kuti don Segundo wansomba. Ife akale tinkasokonezeka, lero dzina ili mawa lija, mpaka ambiri tinangozolowera kuwaitana kuti compadre.

Tsiku lokumbukira likafika ankasamba, kuvala jekete yobwereka, n'kukaima kumbuyo kwenikweni kwa holo. Akazi awo ankakhalabe pampando wakutsogolo, chifukwa palibe amene anadziwa njira yowachotserapo, ndipo iwonso sanadziwe njira yokanira. Dzina likatchulidwa anthu onse ankayankha kuti alipo, monga mwa mwambo wa bungwelo, ndipo don Rudecindo ankayankha nawo. Ndinawafunsapo chimene ankapitira. Anati, “Pa-pamaliro sipasowa munthu wodziwa malemu. Ine sindinamudziwe, koma palibenso wina.”

Don Melitón ankamwa nawo Loweruka. Akamayamba ankawatcha Segundo, vinyo akakwera ankawatcha Rudecindo, ndipo ankalira n'kufotokozanso za nsapato ija.

Zoila anakhala zaka zingapo akudutsa mbali ina ya msewu. Kenako anayamba kutuma wantchito wa kusukulu kukagula nsomba kwa iwo, kenako kubwera yekha. Sanasiye kuphunzitsa mutu wa pamgolo. Anandiuza kuti ankauwerengabe chimodzimodzi, koma akafika padzina ankathamangitsa mawu. Atabereka mwana wake wachiwiri anapita naye pansi pa masitepe n'kumuika m'manja mwawo. Anawo anakula akuwatcha tata, monga timatchulira agogo aamuna kuno.

Chakumapeto mutu wa don Rudecindo unayamba kusakaniza zinthu. Bukulo analimva kambirimbiri moti mawu a pamgolo anawaloweza, ndipo chodabwitsa n'chakuti akamawanena chibwibwi sichinkawagwira. Ankaimirira pampopi, madengu ali pansi, n'kuwanena onse bwinobwino, akazi ochapa atasiya zovala. Doña Eduvigis ankangoti, “Tamumvani. Akanayamba kale chonchi bwenzi tili ndi nyumba yathu.”

Tsiku lina anandiitana ndikudutsa. Anali atafooka kwambiri.

“Comadre, inu mumakumbukira zinthu. Tsiku lija, ndi-ndinali m'chombo eti?”

“Munatero nokha, compadre.”

“Eya. Koma mgolo uja ndimaukumbukira. Unali wonyowa, u-unkaterera.”

Sindinawatsutse, ndinangowafunditsa bulangete, chifukwa inenso panthawiyo ndinali nditawerenga mutuwo kambiri moti ndikatsinzina ndinkawaona ali pamwamba pa mgolowo, ndevu zapamlomo ndi zonse.

Anamwalira ndi chibayo nyengo yamvula. Doña Eduvigis anawalowetsa m'chipinda chawo masiku omaliza, ndipo anafera pabedi. Abungwe anakangana tsiku lonse ngati kunali koyenera kutulutsa mbendera yawo. Mapeto ake anabwera ochepa, opanda mbendera, atavula zipewa. Tinawaika kumanda a Playa Ancha, kumtunda, mphepo ikuvuta wansembe kutsegula buku lake la mapemphero. Pobwerera tinapita tonse kwa Zoila, amene anali ataphika msuzi wa nsomba wokwanira bwalo lonse.