Kamzere Kothwanima ka Azakhali ku Chipoka

Lachiwiri ndinapita ku Chipoka ndi nkhawa imodzi. Wosema chiliza cha agogo anati akufuna dzina lawo lenileni pofika Lachisanu, apo ayi angolemba Nabanda basi. Nanga ndani ankalidziwa? Kwathu mwana satchula dzina la mayi ake. Amene anayamba wafunsapo ndi malemu bambo okha, ndipo analilemba mu kompyuta yakale ya azakhali, mlongo wawo, amene ankataipa makalata kudoko.

Titaiyatsa, sikirini inangoti bii! Pakona panali chilembo A ndi kamzere kothwanima. Ine, munthu wa foni, ndinasisita galasi ndi chala. Zii.

"Yafa iyi, azakhali."

"Wafa ndi iwe," anatero. "Imeneyo ikudikira kuti uilankhule."

Abale, zimene ndinaphunzira masana amenewo! Kuseri kwa kamzereko kuli kapulogalamu, akuti shelo, kamene azakhali amangokatcha mesenjala. Ukalemba mzere, mesenjala amatenga liwu loyamba n'kuona ngati ili ntchito imene amaidziwa pamutu, monga kuonetsa mafayilo. Ngati si imeneyo, amafufuza pulogalamu ya dzinalo pa disiki pamene waimapo, kenako m'malo amene unamulembera, motsatana. Akaisowa amanena mosapita m'mbali. Sakuganizira, sakunyengerera.

Ndinalemba dzina la pulogalamu yolembera makalata. Mesenjala anakana. Mtima unangoti phwii.

"Ukumutuma kumene kulibe," anatero azakhali. Anatulutsa disiki imene tinayatsira kompyutayo, n'kulowetsa ina. Ndinalembanso. Chimakina chinalira krrr, pulogalamu ija n'kutseguka. Ndinakuwa mpaka nkhuku zinathawa pakhonde!

Koma fayilo ya bambo sitinkaidziwa dzina. Tinatseka pulogalamu kuti mesenjala ationetse mndandanda. M'malo mwa kamzere kaja, panabwera uthenga wakuti tibwezeremo disiki yoyamba. Apa ndiye ndinati basi, ndaononga.

Azakhali anaseka mpaka kupukuta misozi. Akuti makina akalewa malo ake okumbukira ndi ochepa. Pulogalamu yaikulu ikalowa, mesenjala amaisiyira malo, monga mwini nyumba amene wapereka bedi kwa mlendo. Amangosiya kachigawo kake kakang'ono kakulondera. Mlendo akachoka, kachigawoko kamaona kuti mbali ina ya mesenjala yafufutidwa, ndiye kamakaitenganso pa disiki. Disikiyo ikakhala mulibe, kamapempha.

Mwamva nzeru zimenezo? Ine ndinaimirira n'kuwomba m'manja.

Tsono ndikufunseni, inu a mafoni onyezimira. Mukadina kachithunzi, mumadziwa chimene chikuchitika mkatimo? Ine sindidziwa. Tazolowera zinthu zobisa zonse, ndiye chikangoda timati chafa, tigule china. Ndimo mmene timachitiranso ndi anthu. Azakhali takhala tikuwaseka kuti sadziwa kutumiza chithunzi pa foni, ndipo kompyutayi ine ndemwe ndinawauza chaka chatha kuti aipereke kwa ogula zitsulo. Ndikakumbukira, manyazi amandigwira.

Anabwezeramo disiki, kamzere kanabwerera. Anasinthanso disiki, n'kulemba zilembo zitatu ndi zala zawo zanyamakazi, ndipo mayina a mafayilo anatsika. Wachisanu unali AMAYI.

Titautsegula, azakhali anavula magalasi n'kuyang'ana kumbali.

"Werenga iwe. Ine sindingathe."

"Tiyanjane," ndinawerenga.

Kenako milomo yawo inayenda pang'onopang'ono, koma mawu sanatuluke. Mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, kumva dzina la amake koyamba!

Lachitatu m'mawa ndinalipereka kwa wosema, nditalilemba ndi zilembo zazikulu. Nanga kwanuko, ndani wakhala phee pakona, amene mukumuyesa wotha ntchito chifukwa simunamufunsepo kanthu?