Kadontho Kofiira pa Khola la Amalume

Nditamaliza maphunziro a kompyuta ku Blantyre ntchito sinapezeke, ndiye ndinabwerera kwathu ku Ntcheu kukakhala ndi amayi. Amayi amagulitsa kachewere pamsika wa pa Lizulu, ndipo masiku ambiri ndinkawaperekeza. Kumeneko ndinaona mmene alimi a ku Tsangano amavutikira. Munthu wakolola bwino, koma wogula amene amamudziwa ndi venda mmodzi yekhayo amene amafika ndi lole pamunda, mtengo n'kutchula yekha. Choncho ndinapanga tsamba la pa intaneti loti aliyense wa m'boma lathu azilengezapo malonda ake. Poyamba panali kachewere ndi kabichi basi. Kenako anthu anayamba kuikapo mbuzi, njinga, makina osokera, ngakhale malata akale.

Tsambalo linali lovuta kugwiritsa ntchito, ndipo anthu sankandibisira. Linali m'Chingerezi, linkafuna imelo pomwe ambiri analibe, ndipo zithunzi zake zinkamaliza bando ya intaneti munthu asanaone n'komwe zimene akufuna. Mayi wina wogulitsa anyezi pafupi ndi amayi anandionetsa foni yake n'kunena kuti chinthu changacho chimafunsa mafunso kuposa akuchipatala.

Mvula itatha chaka chimenecho ndinakhala pansi n'kulikonzanso lonse. Ndinalimasulira m'Chichewa, zilembo ndinazikuza, za imelo ndinachotsa. Ndinafuna kuti munthu angojambula, alembe mtengo, adine, basi zatheka. Panatsala dandaulo la ogula. Iwo ankati wogulitsa akamalongosola njira pafoni, zoti mukhote pabulugama, mudutse tchalitchi, muwoloke kamtsinje, tsiku limatha munthu akungozungulira. Ndinaikapo batani lobiriwira lolembedwa kuti "Ndili pano". Wogulitsa akalidina, foni inkatenga malo enieni amene waima n'kuika kadontho kofiira pamapu. Batani limeneli ndinkalinyadira kuposa china chilichonse patsambalo, ndipo anthu analikondadi.

Amalume anga, achimwene awo a amayi, amakhala chakumtunda kupitirira Tsangano, kufupi ndi malire a Mozambique. Anagwira ntchito kumigodi ku Joni zaka zambiri, anabwerako ndi chifuwa chosatha ndi mwendo wotsimphina. Anali ndi ng'ombe ziwiri zapangolo, koma mphamvu zozitsatira zinali zitawathera, ndiye anandiitana kuti ndiwathandize kupeza wogula. Ndinapita ndekha. Ndinaima pachipata cha khola, ndinajambula ng'ombezo, ndipo batani lija ndinalidina ndi chala changa chomwe.

Patapita masiku atatu, m'mawa ndili pa Lizulu ndikuthandiza amayi kuunjika kachewere m'mabeseni, amalume anaimba. Anati dzulo lake masana, iwo ali kumaliro, kunafika amuna awiri panjinga yamoto. Akazi awo pochokera kudimba anawapeza ali kale kuseri kwa nyumba, pakhola, osaodira n'komwe pakhomo. Zipewa zapanjinga sanavule. Sanafunse mtengo, sanayang'ane mano a ng'ombe kapena ziboda monga amachitira ogula. Mmodzi anagwedeza mitengo yotsekera pachipata, winayo anafunsa ngati galu amaluma, ndiponso kuti pakhomopo amagona anthu angati.

"Ndiye tandiuza, mwana wanga," anatero amalume, mawu ali pansi. "Anthu amenewa njira anaidziwa bwanji? Kuno ngakhale abusa athu amasochera."

Ndinawauza kuti ndiwaimbiranso. Ndinapita kuseri kwa mulu wa matumba n'kutsegula tsambalo pafoni. Nditakuza mapu ndi zala, chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba chinaonetsa zonse: denga la amalume, nkhokwe, khola, ndi kanjira kotsetsereka kulowera kukhwawa komwe kutsidya kwake ndi dziko lina. Kadontho kofiira kanali pachipata penipeni, pomwe ndinaima ine. Ndinachepetsa mapuwo kuti ndione boma lonse, ndipo timadontho tinali paliponse ngati chikuku pathupi la mwana. Kadontho kalikonse kanali khola la munthu, kapena nyumba ya mayi wokhala yekha amene anajambula makina ake osokera ali pakhonde. Aliyense wokhala ndi foni akanatha kuona zimenezi, ndipo popeza kulembetsa ndinachotsa, panalibe njira yodziwira amene anaona.

Ndinafuna kuzimitsa mapuwo nthawi yomweyo, koma pa Lizulu foni imakonda kulumphira netiweki ya ku Mozambique, ndipo tsikulo inakana kubwerera. Ndinasiya amayi osawafotokozera, ndinathamangira kunyumba kukatenga laputopu, n'kupeza magetsi azima, batire nalo latsala pang'ono. Ndinakwera minibasi kupita kuboma. Njira yonse ndinkangoona amuna awiri aja akuyenda kuchoka pakadontho kena kupita pena. Wokwera njinga yamoto aliyense amene tinamupitirira ndinkamuyang'anitsitsa.

Kuboma ndinakhala m'kashopu kena kojambulitsa mapepala komwe kunali jenereta. Pofulumira kuzimitsa mapuwo ndinafufuta mzere wolakwika m'pulogalamu ya tsambalo, tsamba lonse n'kufa, kungotsala chizungu chonena kuti pavuta zina. Sindinayese kulidzutsa. Ndinalisiya lakufa choncho. Koma mtima sunatsike, chifukwa amene anaona anali ataona kale, ndipo kusunga chithunzi cha mapu m'foni si ntchito.

Madzulo ake ndinawauza amayi zonse. Anamvetsera akusenda kachewere, ndipo nditamaliza anati ndiyenera kuuza aliyense amene anaika chiweto pamenepo. Zimenezi n'zimene ndinkaopa kwambiri. Kwathu nkhani ya kuba ng'ombe anthu sadikira apolisi. Ndili wamng'ono ndinaonapo munthu akukokedwa pamsika atamangidwa manja, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anabadi. Ndinkaganiza mmene zingamvekere, zoti mtsikana uja wa kompyuta ndiye amalozera akuba makola a anthu. Ndinapempha amayi kuti mwina tingokhala chete popeza tsambalo ndatseka. Anandiyang'ana n'kunena kuti khola la munthu silitsekedwa ndi kompyuta.

Masiku awiri ndinakhala ndikuimba mafoni. Ndinkadzitchula, n'kufotokoza kuti malo a khola lawo anaoneka kwa aliyense, choncho asamale kapena asamutse ziweto. Ena anaseka n'kunena kuti akuba amawadziwa kale popanda mapu. Ena anathokoza. Bambo wina anangondifunsa kuti ndimakhala mudzi uti. Ndinadula foni, ndipo tsiku limenelo sindinatuluke m'nyumba. Amalume sanandidzudzule. Anatenga ng'ombe zawo dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, n'kukazisiya kwa alamu awo kumene kuli makola ambiri pamodzi.

Nambala imodzi yokha sinkapezeka. Inali ya mayi wina wa kufupi ndi Champiti amene analengeza ng'ombe yaikazi yokhala ndi mwana wake. Ndinaimba kambirimbiri, ndinatumiza uthenga, koma foni inali yozima. M'mawa wa tsiku lachinayi chitsekereni tsambalo anaimba yekha. Foni yake inali kotchajitsa masiku onsewo, ndipo uthenga wanga anali atangouwerenga kumene. Anayankhula mosakweza mawu. Anati adzuka n'kupeza khola lili pululu.

Amayi anafuna kundiperekeza koma ndinakana, poganiza kuti ngati kuli zoipa zindipeze ndekha. Ndinakwera kabaza. Kawiri konse ndinatsala pang'ono kumuuza woyendetsa kuti atembenuke. Titafika, pabwalo panali anthu ambiri ngati pamaliro. Amuna anali atangobwerera kumene kotsata mapazi, zikwanje ndi zibonga zikadali m'manja, mathalauza atanyowa ndi mame. Ndinavala chitenje changa bwinobwino n'kukakhala pamphasa kumbali ya azimayi. Mwini khola anali mayi wachikulire, wochepa thupi, mwamuna wake anamwalira kale. Atandipatsa moni ndinadzitchula, ndipo phokoso linayamba kutha pang'onopang'ono kuyambira pafupi nane mpaka kumapeto kwa bwalo.

Mlongo wake wa mayiyo, bambo wamtali amene ankatsogolera amuna aja, anabwera n'kuima patsogolo panga. Anandiuza kuti ndifotokoze mokweza, onse amve. Ndinafotokoza za batani lija, za mapu, za amuna awiri amene anafika kwa amalume. Anandifunsa ngati ndikuwadziwa amene anaona khola la mlongo wake. Ndinati ayi. Anafunsa ngati pali wina amene anandituma kuika mapuwo. Ndinati ayi, ndinaganiza ndekha, ndinkafuna kuti ogula asamasochere. Munthu wina kumbuyo ananena kuti onse amatero akagwidwa. Ndinamva anthu akusuntha, ndipo ndinayang'ana pansi, pamapazi a bamboyo, chibonga chake chikugunda pang'onopang'ono pachidendene.

Amene anayankha anali mayi mwini khola uja. Sanadzuke pamphasa.

"Achimwene, ng'ombe ija ndinailengezanso kutchalitchi, ndinauzanso anthu kumsika. Odziwa anali ambiri. Mwanayu akanakhala nawo limodzi sakanabwera kudzakhala pamphasa panga."

Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti komabe chinthu changacho ndinachipanga mosaganiza, chifukwa ngakhale wogulitsa nkhuku saonetsa mlendo pomwe zimagona. Ndinavomera. Kenako mlongo wake anati ndipite nawo kupolisi ndikanene zomwezo. Tinapita wapansi, iye patsogolo, ine pakati, amuna ena awiri kumbuyo. Palibe anandigwira, koma ulendo wonse msana wanga unkayembekeza chibonga. Wapolisi analemba zonse, anandifunsa kawiri tanthauzo la kadontho, n'kundilola kupita.

Mwana wa ng'ombe uja anapezeka mawa lake kudambo akulira, akuba atamusiya chifukwa ankawachedwetsa. Make sanapezeke. Ngati akubawo anatsata mapu anga kapena anamva kumsika, sindikudziwa, ndipo palibe amene anagwidwa kuti tifunse.

Ndinakhala mwezi wathunthu osaligwira tsambalo. Mavenda ankandifunsa pa Lizulu kuti lidzuka liti, ine n'kumangoti posachedwa. Nditalidzutsa linali losiyana. Mapu ndinachotseratu. Tsopano limangoonetsa msika umene uli pafupi ndi wogulitsa, Tsangano kapena Lizulu kapena kuboma, ndipo pansi pa chiweto chilichonse pali mawu akuti mukumane pamsika, tsiku la msika. Wogula saona nambala ya wogulitsa mpaka atatsimikiza yake ndi uthenga wa pafoni. Chithunzi choonetsa nyumba kapena khola sichituluka ndisanachione ine. Anthu anadandaula kuti ndabwezeretsa mafunso a kuchipatala aja, ndipo ena anasiya kuligwiritsa ntchito. Sindinasinthe.

Chakumapeto kwa chaka, ndikutuluka m'sitolo ina kuboma, ndinakumana maso ndi maso ndi mlongo wa mayi wa ku Champiti uja. Anali atanyamula thumba la feteleza paphewa. Ndinaima chilili, njira yothawira palibe. Anatula thumbalo, anandipatsa moni ndi manja awiri, nafunsa za amayi. Kenako anati kang'ombe kaja kanapulumuka, mlongo wake ankakamwetsa phala la mgaiwa m'botolo mpaka kanayamba kudya msipu, ndipo panopa kakumera nyanga. Za tsamba sanatchule. Anasenza thumba lake n'kumapita kudepoti, ndipo ine ndinatsala pakhonde la sitoloyo ndikumuyang'ana mpaka anazimiririka m'gulu la anthu.