Dzino Loyesera Soya

Ku Ntengo-Wambalame, nkhumba ikaswa ana ndipo pakati pawo pakapezeka kena kopinimbira, kamene anzake amakakankhira kubere lakumbuyo lopanda mkaka, mwini wake sataya nthawi. Amakaponya m'thumba n'kupita nako kwa a Terezinha. Ena amakapereka ulere, ena amati kakadzakula adzagawane ana ake, koma onse amachoka pakhomopo mtima utapepuka, poti kakafera kumeneko mlandu suli wawo.

A Terezinha ndi mayi wamfupi, wamasiye, wa mawu aakulu kuposa thupi lake. Amalima chimanga, nyemba ndi mbatatesi monga wina aliyense. Chowasiyanitsa ndi anzawo n'chakuti iwo amaphikira nkhumba, ndipo amaziphikira mwaulemu. Anthu amaseka kuti mlendo pakhomo pawo azifunsa kaye asanapise dzanja m'chiwaya, kuopa kulanda chakudya cha eni khola.

Chinsinsi chawo sichobisika, ndi soya basi. Koma soya ali ndi mkhalidwe wake. Wosakazinga amatsegula kankhumba m'mimba, kamadya koma osakula. Wopserera ndi makala chabe. Pakati pa ziwirizi pali kamphindi kochepa, ndipo kamphindi kameneko a Terezinha ankakagwira ndi dzino limodzi lakumbuyo, lakumanzere. Ankavundula soya pachiwaya chodulidwa ku mgolo, n'kutola njere imodzi, kuiuzira, kuiluma. Ikasweka mosavuta, kafungo kauwisi katatha n'kutsala kukoma konga kwa mtedza, ankaphula. Kenaka kusinja, kusefa, kusakaniza ndi gaga, ufa wa chimanga pang'ono, kamchere ndi madzi ofunda.

Chaka china pamsika panafika zotsalira za soya wofinyidwa mafuta, zimene ogulitsa amati bagasu, ndipo oweta ambiri anazithamangira. A Terezinha anazifikisa pakati pa zala, anaona zala zili mbuu, n'kubweza. Sananene kuti n'zoipa ayi, nkhumba yaikulu ikhoza kudya n'kunenepa. Koma kankhumba kosiya kuyamwa m'mwezi wa Juni, chisanu cha ku Tsangano chikuyeretsa udzu, chimene kamafuna ndi mafuta omwe achotsedwawo, chifukwa ndiwo amakafunditsa kuchokera m'kati. Kamimba kake n'kakang'ono, ankatero, ndiye chilichonse cholowamo chizikhala champhamvu. Owafunsa kumene anaphunzira zonsezi ankangowayankha kuti kumsasa wa othawa nkhondo, kutsidya ku Malawi, n'kusintha nkhani.

Chaka chatha dzino lija linawukira mwini wake. Linatupitsa tsaya mpaka kutseka diso, ndipo kuchipatala analizula pamodzi ndi anzake amene anali atayamba kale kugwedera. A Terezinha anabwerera kunyumba ululu utatha, koma ntchito yawo itatsala m'kambale ka dokotala. Anayesa kudalira maso, koma soya amanamiza, amafiira kunja m'kati asanapse. Anayesa kulumitsa a Faustino, mnansi wawo, koma a Faustino ndi munthu wokonda zokukuta, njere iliyonse ankati yapsa bwino kwambiri n'kutapanso zina zapanjira.

A Faustino omwewo ndi amene anabweretsa kankhumba koyera ka khutu limodzi lakuda, kochepa ngati khoswe wa m'nkhokwe. A Terezinha anakakonzera phala monga mwa masiku onse, ndipo kanayamba kutsegula m'mimba. Anakazinganso mowonjezera moto, kanangonunkhiza n'kutembenuka. Nthiti zinayamba kuwerengeka, miyendo kunjenjemera. Zinawapweteka kwambiri mayiwo, chifukwa tinkhumba tina tinawaferapo ndi matenda, koma aka kakanakhala koyamba kufa ndi dzanja lawo. Anakagoneka m'dengu pafupi ndi moto, atakafunditsa chitenje chawo chakutchalitchi.

Sabata yomweyo kunatulukira mwana wawo Celestino, amene amakonza njinga zamoto ku Furancungo. Ndi chimunthu chachitali, chamapewa, cholowa m'nyumba ya mayi ake chowerama. Anabwera ndi nkhani yokonza kale. Iye ndi mkazi wake Iolanda anali atapaka laimu chipinda chimodzi, ndipo amafuna mayiwo agulitse nkhumba zonse akapume. Mano atha, msana watha, utsi ukuwononga maso, akudikiranji? Ankalankhula ataima pabwalo m'mamawa, mayi ake atakhala pansi akuvundula chiwaya. Ndipo kunena zoona mawu ake anali anzeru, mwana wabwino aliyense akanatero.

Kenaka anasuzumira m'dengu muja.

"Mayi, aka n'kakufa kale. Sikafika Lamulungu. Mukudzivutitsiranji?"

A Terezinha anapisa dzanja m'chiwaya. Anatola njere imodzi, anaiuzira, n'kumupatsa.

"Taluma."

Celestino analuma pofuna kungowasangalatsa. Anatafuna kawiri, nkhope inachita makwinya, n'kulavula.

"Nada, ayi, sanapse uyu. M'kati mukadali kafungo."

Mayi ake anavundulanso osathamanga, n'kumupatsa ina. Celestino anapukusa mutu. Anamupatsanso ina patapita kanthawi, ndipo ulendo uno anatafuna mpaka kumeza, n'kunena kuti aphule msanga asanapitirire. Atanena zimenezo anadzidabwa yekha. Iye sanakazingepo soya chibadwire, kwake ndi zitsulo ndi girizi, nanga wadziwa bwanji?

Apa m'pamene a Terezinha anamuuza zimene sanauzepo munthu. Anati atafika kumsasa kuja mawere awo anauma ndi njala ya panjira, ndipo Celestinoyo anali kakhanda konyentchera, kamutu kokhakokha, kolira kopanda mawu. Amayi anzawo ankawalangiza kuti asaike mtima pa kakhandako, ndipo wina mwachifundo anali atawapatsa kale kansalu koyera kodzakakulungira kakamwalira. Ufa wa phala wogawidwa sunkakwana, choncho ankapita kukalima m'minda ya eni dera, n'kumapempha kuti awalipire soya. Ankamukazinga paphale, n'kumusinja, n'kuphikira mwanayo phala. Akaphula msanga, mwanayo ankalavula n'kutsegula m'mimba. Akachedwa, ankafumbata kamwa. Akapeza pakati penipeni, ankameza n'kutsegulanso kamwa kufuna lina.

"Anandiphunzitsa kukazinga ndiwe," anatero. "Dzino lija linkangotsatira lilime lako."

Celestino anayang'ana manja ake akuluakuluwo, n'kuyang'ananso m'dengu. Anavula jekete, anakoka mtondo, n'kuyamba kusinja soya uja ngakhale amuna a kwathu kuno sasinja pagulu, a Faustino akumuonerera pamwamba pa mpanda. Phala litapola, ndi iye amene anaviika chala n'kukapaka kankhumba kukamwa. Kananyambita kamodzi, kanapuma, kenaka kanadzikoka kokha mpaka pambale.

Kanafika Lamulungu, n'kupitirira. Chipinda cha ku Furancungo chija lero mumakhala matayala. Pakutha pa mwezi uliwonse Celestino amakwera njinga yake, kudya fumbi la msewu wonsewo, kudzakhala pambali pa chiwaya n'kumaluma njere. Amakazinga wokwanira mwezi, mayi ake n'kumasinja pang'onopang'ono, chifukwa ufa wa soya ukagonera nthawi yaitali mafuta ake amanunkha. Nkhani yogulitsa nkhumba amaiyambabe nthawi zina, a Terezinha n'kumuyankha pomupatsa njere ina, ndipo munthu sangatsutsane ndi mayi ake m'kamwa muli soya wotentha.

Kankhumba ka khutu lakuda kaja tsopano ndi chinkhumba chachikazi, ndipo mwezi wathawu chinaswa. Celestino atafika anayamba wapita kukhola asanavule n'chipewa chomwe. Anawerama nthawi yaitali akuyang'ana ana akulimbirana mawere, kenaka anapisa dzanja n'kutola kamene kanali kubere lakumbuyo. Anakalowetsa m'jekete mwake, n'kuuza mayi ake kuti asonkhe moto.