Mtsinje Umene Sindinawoloke

Mwamuna wanga atamwalira, ndinabwera ku Joni kudzagwira ntchito zapakhomo ku Hatfield. Mwana wanga Tiwonge anatsala ndi azakhali ake kumapiri a ku Chitipa. Mvula ikagwa ankajomba kusukulu poopa ulalo wansungwi, ndiye ndinamunamiza pafoni: "Ine ndinkawoloka mtsinje woposa umenewo, mabuku pamutu!" Chonsecho ndinalekeza Sitandade 3, ndipo sukulu yangayo inali kuseri kwa nyumba yathu.

Dzulo anaimba foni: "Amayi, andisankha kusekondale!"

Ndinaimba nthungululu mpaka mwini nyumba yomwe ndimachita lendi kuno ku Olieven anasuzumira pawindo. Chimwemwe chitandizunguza mutu, ndinaulula bodza lija.

Tiwonge anaseka. "Azakhali anandiuza kalekale, amayi. Ndinkawolokabe kuti m'banja mwathu apezekeko mmodzi wowolokadi."